Sikani, ekisire, CT kapena MRI: njira yoonera fupa la pomangira wotchi likamakayikitsa kuti lathyoka

Munthu akamagwa, dzanja ndi limene limathamangira kutsogolo. Palibe anatiphunzitsa, thupi limangochita lokha pofuna kuteteza nkhope. Chikhatho chikatera pansi, kulemera konse kwa thupi kumadutsa pa malo aang'ono aja timamangapo wotchi, pomwe mkono umalumikizana ndi dzanja. Pakatupa n'kuyamba kuwawa, aliyense amafunsa chimodzimodzi: kodi wangobinya, kapena fupa lathyoka?

Kwa zaka zambiri yankho linali kujambula ekisire basi. Masiku ano zipatala zambiri zayamba kugwiritsanso ntchito sikani, makina omwe aja amaonera mwana m'mimba mwa mayi, poyang'ana mafupa. Palinso CT ndi MRI, makina akuluakulu ojambula m'kati mwa thupi. Wodwala kapena kholo la mwana wovulala akhoza kuuzidwa kuti asankhe, ndipo woyang'anira chipatala chaching'ono amayenera kuganiza kuti ndalama zochepa zomwe zilipo azilowetse m'makina ati. Onse awiriwa ayambe adziwa kuti pamalopa pali mafupa angati, chifukwa njira yoyenera imasintha malinga ndi fupa lomwe likukayikitsa.

Mkono wa m'munsi uli ndi mafupa awiri aatali: radius, kumbali ya chala chachikulu, ndi ulna, kumbali ya kachala kakang'ono. Kutsogolo kwake kuli timafupa 8 ting'onoting'ono tondanda mizere iwiri. Limene limathyoka kawirikawiri ndi mapeto a radius. Dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, anafotokoza kuthyoka kumeneku mu 1814 pongogwiritsa ntchito maso ndi manja, kutatsala zaka 81 kuti ekisire itulukiridwe. Fupa likasuntha kwambiri, dzanja limapindika ngati foloko yodyera, moti ngakhale munthu wongodutsa amaona kuti apa pavuta. Kwa ana nkhani imasiyana. Mafupa awo ndi ofewa ngati nthambi yaiwisi, choncho nthawi zambiri samathyoka n'kulekana, amangofinyika mbali imodzi n'kupanga kachotupa kakang'ono pa khoma la fupa.

Ndiye pali kafupa kovuta kotchedwa scaphoid, komwe kali patsinde pa chala chachikulu. Tambasulani chala chachikulu m'mwamba, muona kadzenje kumbali kwa dzanja pakati pa mitsempha iwiri. Pansi pa kadzenje kameneko ndi pomwe kamakhala. Mwa timafupa 8 tija, ndi kamene kamathyoka kuposa tinzake tonse, ndipo kali ndi khalidwe loipa: magazi amalowa m'kafupaka kuchokera kumapeto kwa ku zala n'kumabwerera chakumkono. Kakathyoka pakati, chidutswa chakumkono chikhoza kusowa magazi, osalumikizananso, mwinanso kufa. Patapita zaka, munthu amadzapezeka ndi nyamakazi ya pamfundo komanso dzanja lopanda mphamvu, chikhalirecho tsiku logwa ankangoti ndabinya.

Zoyenera kuyang'ana posankha

Choyamba ndi ichi tachitchula kale: mukukayikira fupa liti, ndipo wovulalayo ndi wamsinkhu wanji. Chachiwiri, chomwe anthu ambiri amachiiwala, ndi funso lakuti chithunzi chikatuluka chosaonetsa kanthu, kodi mukhulupirira n'kumuuza munthuyo kuti apite kwawo? Njira ina ikhoza kukhala yakatswiri potsimikiza kuti fupa lathyoka, koma yofooka potsimikiza kuti silinathyoke. Zotsalazo ndi zodziwikiratu: mtengo wake kwa wodwala ndi kwa chipatala, kupezeka kwake pa ola lomwe munthu wavulala, ntchito yosamala makina pamodzi ndi luso la owagwiritsa ntchito, komanso zoopsa zake. Pa zoopsa, maganizo a ambiri amathamangira ku cheza cha ekisire. Ine ndimaona kuti pa dzanja choopsa chenicheni ndi kuphonya fupa lothyoka.

Sikani

Makinawa amatumiza mafunde a mawu okwera kwambiri moti khutu silingamve, kenako amamvetsera mmene mafundewo akubwerera. Pa mafupa a dzanja amagwiritsa ntchito kamutu kosalala kotalika ngati chala, kotulutsa mafunde pafupifupi mamiliyoni 10 mpaka 15 pa sekondi iliyonse. Mafunde amadutsa bwino pa khungu ndi mnofu, koma akafika pa fupa pafupifupi onse amabwerera. N'chifukwa chake pa sikirini fupa limaoneka ngati mzere woyera wowala, kunsi kwake kuli mdima. Mzerewo ukakhala wosalala, khoma la fupa lili bwino. Ukadukiza, kapena mbali ina ikakwera kuposa inzake ngati sitepe, kapena ukapanga kanundu, ndiye kuti pali vuto.

Tiyerekeze mwana wa zaka 9 wagwa pa njinga, wagwirizira dzanja pachifuwa ndipo sakufuna kuti wina alikhudze. Woyeza amam'khazika pamiyendo pa mayi ake, amapaka jelo wambiri kuti kamutu kaja kangoyandama pamwamba osakanikiza, ndiye amayendetsa motsata utali wa fupa. Amayang'ana malo 6: radius kumsana, kumbali ndi kumimba kwake, kenako ulna chimodzimodzi. Mwanayo amalozanso yekha pomwe pakuwawa kwambiri, ndipo woyeza amakhalitsa pamenepo. Ena amaviika dzanja m'beseni la madzi n'kuyendetsa kamutu m'madzimo osakhudza khungu n'komwe, popeza madzi amanyamula bwino mafunde. Akakayika, amayesa dzanja labwinolo kuti ayerekeze. Zonsezi zimatha m'mphindi zowerengeka, mwana ali pomwepo akuyang'ana nawo sikirini.

Umboni wolimba wa njirayi uli pa ana otere. Mu 2023 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wotchedwa BUCKLED yemwe anachitikira ku Queensland, m'dziko la Australia. Ana 270 a zaka 5 mpaka 15, ovulala mkono wa m'munsi koma wosapindika mooneka, anagawidwa pawiri: ena anayamba ndi sikani, ena ndi ekisire. Patatha masabata 4, ana oyamba ndi sikani ankagwiritsa ntchito mkono mosasiyana ndi anzawo. Oyeza sanali akatswiri a zithunzi okhaokha ayi, munali anamwino, madokotala a za ngozi ndi akatswiri olimbitsa ziwalo omwe anaphunzitsidwa ntchitoyi. Koma tisaiwale kuti mwana yemwe sikani inaonetsa kuti khoma la fupa laduka ndithu ankapitabe ku ekisire. Sikani inali yosefera, sinalowe m'malo mwa ekisire kotheratu.

Ntchito ina yomwe sikani imaigwira bwino ndi pa nthawi yowongola fupa la munthu wamkulu. Dokotala akakoka dzanja kuti zidutswa zibwerere m'malo, akhoza kuika kamutu pomwepo n'kuona ngati mizere iwiri yoyera ija yakumana, asanamange chikhakha. Popanda zimenezi amamanga kaye, kutumiza wodwala ku ekisire, ndipo zikapezeka kuti sizinawongoke, kumasula n'kuyambiranso.

Pa mtengo, sikani ndi yotsika kuposa njira zonse za makina, makamaka chibwerere tizipangizo ta m'manja tolumikiza ku foni kapena tabuleti. Sifuna chipinda chapadera, imayendera batire, ndipo chipatala chomwe chili kale ndi makina oyezera amayi apakati chimangofunika kamutu koyenera mafupa, chifukwa kamutu kokhota koyezera mimba sikaonetsa bwino zinthu za pafupi ndi khungu. Kusamala kwake n'kosavuta koma kumafuna mwambo: kamutu kakagwa pansi kamawonongeka m'kati mwina osaoneka kunja, nthambo yake imathothoka ikamapindidwa mosasamala, ndipo kayenera kupukutidwa ndi mankhwala oyenera wodwala aliyense akatha. Koma chodula chenicheni sichili pa makina, chili pa munthu. Ekisire ikajambulidwa, dokotala wina akhoza kudzaiwerenga mawa. Sikani imawerengedwa pomwe ikuchitika, ndipo malo omwe woyeza sanayendetsepo kamutu sadzaonekanso pa chithunzi chosungidwa. Amene anaphunzira chaka chatha koma osagwirako chiyambire, luso limam'thawa.

Cheza palibe, choncho ndi yabwino kwa ana ndi amayi apakati, ndipo mukhoza kubwereza kangapo. Zoopsa zake zili pa kuwerenga molakwa. Ana ali ndi malo okulira, pomwe fupa limatalikira, pafupi ndi mapeto a fupa, omwe pa sikirini amaoneka ngati mpata pa mzere woyera uja. Wosazolowera akhoza kuuyesa mng'alu, kapena kuyesa mng'alu weniweni kuti ndi malo okulira. Sikani sidutsa chikhakha, siona m'kati mwa fupa, ndipo sionetsa bwino ngati mng'alu walowa m'mfundo. Pa bala lotseguka sayenera kuikapo kamutu kosaphimba.

Nanga pa scaphoid? Apa ndi pomwe ndimachenjeza kwambiri. Kafupaka n'kokhotakhota, kobisika pakati pa tinzake, ndipo kamutu kamangoona mbali zina za khoma lake. Woyeza waluso akaona mzere waduka komanso magazi ataunjikana pafupi, zimenezo n'zothandiza ndithu. Koma akapanda kuona kanthu, sizikutanthauza kuti kafupako kali bwino. Munthu amene akumva kuwawa akam'dina m'kadzenje kaja asamasulidwe chifukwa choti sikani yatuluka yoyera.

Ekisire

Wilhelm Röntgen atatulukira cheza chimenechi mu 1895, chimodzi mwa zithunzi zake zoyamba chinali dzanja la mkazi wake, mphete ikuoneka pa fupa la chala. Mpaka lero ekisire ndiye poyambira pa mafupa a dzanja, ndipo pali chifukwa. Imaonetsa fupa lonse pamodzi ndi anzake oyandikana nawo, dokotala amatha kuyeza kuti lapendekeka madigiri angati kapena lafupika bwanji, ndipo chithunzi chimasungidwa kuti chidzayerekezedwe ndi cha sabata yamawa. Dokotala wa mafupa sangaganize za opaleshoni asanaone ekisire. Nthawi zambiri amajambula kawiri, chakutsogolo ndi chakumbali. Akakayikira scaphoid amajambula kanayi, dzanja litapotoledwa m'njira zosiyana kuti kafupako katambasuke.

Mtengo wake kwa wodwala ndi wapakati, koma kwa chipatala ndi wolemera kuposa sikani: pamafunika chipinda cha makoma otchinga cheza, magetsi odalirika, wojambula wophunzira, chilolezo cha boma ndi kuyeza makina nthawi ndi nthawi. Makina akale a filimu amadyanso ndalama za mankhwala otsukira, pomwe a kompyuta amadula pogula koma amapeputsa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Imapezeka m'zipatala zikuluzikulu pafupifupi zonse, koma m'zing'onozing'ono ayi, ndipo usiku kapena kumapeto kwa sabata wojambula sakhalapo nthawi zonse.

Za cheza, tiyeni tinene zoona zake. Ekisire ya dzanja imapereka pafupifupi 0.001 mSv (muyeso wa cheza cholowa m'thupi), pomwe munthu wamba amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera ku nthaka, mpweya ndi mlengalenga. Ndiye kuti kujambula dzanja n'chimodzimodzi ndi maola ochepa a moyo wa tsiku ndi tsiku. Amene amakulimbikitsani sikani pokuopsezani ndi cheza cha ekisire ya dzanja akukokomeza. Kufooka kwenikweni kwa ekisire kuli pa scaphoid yomweyo: mng'alu wosasuntha ukhoza kusaoneka m'masiku oyamba ngakhale pa zithunzi zinayi zija.

CT

Makinawa anayamba kuyeza odwala mu 1971 ku London, kuchokera ku ntchito ya Godfrey Hounsfield. Amagwiritsa ntchito cheza chomwecho cha ekisire koma mozungulira, n'kudula fupa m'tizigawo topyapyala pa kompyuta. Pamene fupa laphwanyika kulowa m'mfundo, palibe njira ina yoposa iyi. Madokotala ambiri amayamba kuganiza za opaleshoni pamwamba pa mfundo pakakhala sitepe yoposa mamilimita 2, ndipo pa scaphoid kusuntha kwa milimita imodzi yokha kumasintha kale chithandizo. Miyeso yaing'ono chonchi imafuna CT. Imathandizanso pambuyo pake, poona ngati scaphoid yalumikizana asanachotse chikhakha, popeza cheza chimadutsa chikhakha.

Ndi yodula kangapo kuposa ekisire, imapezeka m'zipatala zazikulu zokha, ndipo kusamala kwake n'kolemetsa: chubu chotulutsa cheza chimatha n'kufuna kusinthidwa pa mtengo waukulu, chipinda chiyenera kuzizira nthawi zonse, ndipo magetsi akamadukaduka makina amawonongeka msanga. Cheza chake chimaposa cha ekisire, komabe pa dzanja n'chochepa poyerekeza ndi CT ya mimba kapena chifuwa, makamaka mkono ukatambasulidwa kutali ndi thupi. Kujambula kwenikweni kumatenga masekondi. Sionetsa bwino minyewa yolumikiza timafupa, ndipo ikhoza kuphonya kamng'alu ka m'kati kosafika pa khoma.

MRI

Iyi imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ilibe cheza. Mphamvu yake ndi yakuti imaona m'kati mwa fupa. Fupa likavulala, mafuta a m'kati mwake amatupa ndi madzi, ndipo MRI imaonetsa kutupako ngakhale khoma likuoneka lathunthu. N'chifukwa chake ndi imene imadaliridwa kwambiri pa scaphoid yobisika. Bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linalangiza mu 2016 kuti madokotala aziganizira MRI ngati chithunzi choyamba akakayikira scaphoid atamuyeza bwino wodwala. Imaonetsanso minyewa yong'ambika, yomwe nthawi zina ndi imene imayambitsa ululu pomwe mafupa onse ali bwino.

Vuto ndi lodziwika: ndi yodula kuposa zonse, yosowa kuposa zonse, ndipo komwe ilipo pamakhala mzere wa odwala ena a matenda aakulu. Maginito a makina ambiri amaziziritsidwa ndi mpweya wa helium wosandutsidwa madzi pa madigiri pafupifupi 269 kunsi kwa ziro, ndipo kuziziritsako sikuima usana ndi usiku. Wodwala amagona osasuntha kwa mphindi 15 mpaka 30 m'phokoso lalikulu, zomwe zimavuta kwa ana aang'ono ndi anthu oopa malo opanikizika. Amene ali ndi kachitsulo m'diso kapena mitundu ina ya makina othandizira mtima sangalowemo. Palinso vuto lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri: MRI imaona zambiri, mwina zopitirira. Fupa longosupuka m'kati likhoza kuwerengedwa ngati lothyoka, munthu n'kumangidwa masabata ambiri popanda chifukwa.

Kumanga ndi kudikira

Njira yakaleyi si makina, koma ikadali yamoyo ndipo iyenera kuwerengedwa. Ekisire ikakhala yoyera koma dokotala akukayikabe scaphoid, amamanga dzanja ngati kuti lathyokadi, n'kumuuza munthuyo kuti abwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14 kudzayezedwa ndi kujambulidwa kachiwiri. Pofika nthawi imeneyo m'mbali mwa mng'alu mumakhala mutadyeka pang'ono, ndiye umayamba kuoneka.

Imatheka paliponse ndipo chipatala sichiwonongapo zambiri. Mtengo umagwera wodwala. Ambiri mwa omangidwa motere amadzapezeka kuti sanathyoke n'komwe, koma akhala masabata awiri osagwira ntchito bwino, ndipo kwa munthu wodya za manja ake masabata awiri si ochepa. Kusamala kulinso pa iye: chikhakha chisanyowe, dzanja likhale m'mwamba masiku oyamba, zala aziziyendetsa. Zala zikayamba kuchita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, abwerere tsiku lomwelo kuti akamasule. Choopsa chachikulu n'chakuti ululu ukachepa anthu amachotsa okha chomangiracho osabwereranso, ndipo scaphoid imatha kusiya kuwawa isanapole. Ekisire yachiwiriyo nayonso si yodalirika kotheratu, moti ululu ukapitirira pamafunikabe CT kapena MRI.

Ndani asankhe chiyani

Mwana wa msinkhu wa kusukulu amene wagwa, mkono sunapindike, khungu silinang'ambike ndipo zala zikuyenda bwino: sikani ndi poyambira pabwino, bola woyeza akhale wophunzitsidwa za mafupa. Ikaonetsa kufinyika kokha, chithandizo chake n'chopepuka. Kafukufuku wa FORCE wa ku United Kingdom, yemwe anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 ndipo anakhudza ana 965, anapeza kuti ana omwe anangopatsidwa bandeji ankamva ululu wofanana ndi omangidwa ndi cholimba. Ikaonetsa kuti khoma laduka, kapena vuto lili pafupi ndi malo okulira, apite ku ekisire.

Dzanja lopindika mooneka, fupa lotulukira kunja, zala za dzanzi kapena zozizira: musataye nthawi ndi kusankha. Limangidwe mongogwirizira, munthu apite komwe kuli ekisire ndi dokotala wa mafupa. Sikani pamenepa ingothandiza pa nthawi yowongola.

Munthu wamkulu wotupa pamapeto a radius ayambe ndi ekisire, ndipo CT ibwere pokhapokha mng'alu ukaoneka kuti walowa m'mfundo kapena opaleshoni ikuganiziridwa. Ngati ndi wachikulire amene wathyoka pongoterereka ali chiimire, afunsenso zoyeza kulimba kwa mafupa ake, chifukwa kuthyoka kotere nthawi zambiri kumakhala chizindikiro choyamba chakuti mafupa ayamba kufooka, ndipo fupa lotsatira kuthyoka likhoza kukhala la m'chiuno.

Wachinyamata kapena wamkulu amene akumva kuwawa m'kadzenje ka patsinde pa chala chachikulu, ekisire n'kukhala yoyera: MRI ngati ikupezeka m'masiku ochepa, CT ngati MRI palibe, kumanga ndi kubwereranso ngati zonse ziwiri palibe. Amene ntchito yake singalole masabata awiri a chikhakha chongoganizira ndi amene MRI yamsanga imam'pindulira kwambiri, ngakhale ndi yodula. Wosuta fodya adziwenso kuti kafupa kameneka kamachedwa kulumikizana mwa osuta.

Mayi wapakati akhoza kuyamba ndi sikani, koma dokotala akaona kuti ekisire ya dzanja ikufunika asaikane, popeza cheza chake n'chochepa kwambiri ndipo chimalunjika kutali ndi mimba.

Chipatala chaching'ono chopanda ekisire chomwe chili ndi ndalama za makina amodzi chipindula ndi sikani yokhala ndi kamutu ka mafupa, chifukwa idzathandiza kusiyanitsa oyenera kutumizidwa kutali lero lomwe ndi oyenera kuthandizidwa pomwepo. Pa bajeti yomweyo aikepo maphunziro a anthu osachepera awiri, njira yotumizira zithunzi kwa wodziwa kuposa iwo kuti aziwaunika, ndi lamulo lolembedwa pakhoma lakuti wowawa m'kadzenje ka scaphoid amangidwe ndi kupatsidwa tsiku lobwerera, kaya sikani yaonetsa chiyani.